Steamer, firiji kapena dzuwa: chimaphadi njenjete m'zovala ndi chiti?

Chaka changa chachitatu ku Leicester, mzinda wa ku Britain, kuzizira kutangoyamba mu Okutobala, ndinatsitsa chikhoti changa chaubweya chomwe ndinagula m'shopu ya zovala zakale, zija kuno amati charity shop. Ndinachipeza chili ndi timabowo pansi pa kolala ndi kukhwapa. Juzi yomwe inagundana nacho inali itadyeka pachifuwa. Zinandiwawa kwambiri, chifukwa ndalama zogulira zovala zimenezi zinachokera ku mashifiti ausiku. Mnzanga wa kuntchito anandiuza kuti ndigule steamer, kachipangizo kaja kamathira nthunzi pa chovala kuti makwinya awongoke. Iye anati nthunziyo imapha njenjete zonse. Ndinagula, ndinaigwiritsa ntchito, ndipo patatha miyezi iwiri ndinapezanso mabowo atsopano pa juzi ina. Kuchokera pamenepo ndayesa pafupifupi njira zonse zomwe anthu amatchula, ndipo ndikufuna ndikufotokozereni chomwe iliyonse imatha ndi chomwe siitha.

Kaye mudziwe chomwe chikudya chovalacho

Kwathu chilichonse choboola chovala m'sutikesi timangoti njenjete. Yomwe ndikunena pano ndi kagulugufe kakang'ono, kotalika pafupifupi mamilimita 6 mpaka 8, ka mapiko otuwirako ngati udzu wouma. Akatswiri amakatcha Tineola bisselliella, ndipo kali ndi mbale wake, Tinea pellionella, yemwe kambozi kake kamayenda kakukoka kachikwa. Sikathamangira nyale ngati agulugufe ausiku aja timawaona pakhonde. Kamakonda mdima, ndipo mukakavundukula kamathawira m'misoko.

Chomwe chinandidabwitsa n'chakuti kagulugufeko sikadya chilichonse. Ntchito yake ndi kuikira basi. Yaikazi imaikira mazira pafupifupi 40 mpaka 50, ang'onoang'ono ngati theka la milimita, n'kuwamatirira ku ulusi wa chovala. Kukatentha amaswa pakatha masiku 4 mpaka 10, ndipo timbozi toyera tomwe timatulukamo ndi timene timadya. Timafuna keratin, chinthu chopezeka mu ubweya wa nkhosa, nthenga, tsitsi ndi zikopa zaubweya, komanso timadya silika. Chitenje cha thonje ndi malaya a polyester sitilimbana nazo kwenikweni, pokhapokha ngati nsaluyo ndi yosakaniza ndi ubweya kapena ili ndi thukuta ndi madontho a ndiwo. Kambozi kangathe kukhala kakudya kwa mwezi umodzi ndi theka, ndipo zinthu zikapanda kukayendera bwino kamakhala chaka kapena ziwiri kasanasanduke gulugufe.

Ndiye mukapha kagulugufe kamodzi pakhoma simunachite kanthu. Funso lofunsa njira iliyonse ndi ili: kodi ikufika pomwe pali mazira ndi timbozi? Ndipo kutentha kapena kuzizira kwake kukukhalitsa mokwanira?

Steamer

Ndiyambe n'kuiyamikira, chifukwa mnzanga uja sananame kwenikweni. Mazira, timbozi ndi agulugufe omwe amafa akakhala pa kutentha koposa madigiri 50 kwa mphindi pafupifupi 30. Kutentha kukakwera, nthawi imafupika kwambiri. Nthunzi imatuluka m'madzi owira pa madigiri 100, kotero dzira lomwe yaligunda mwachindunji silipulumuka. Simuthira mankhwala alionse, chovala sichinunkha, ndipo ubweya sukhwinyata monga umachitira mukauchapa ndi madzi otentha. Chomwe chimafinya juzi kukhala ya mwana ndi kutentha, madzi ndi kutikita zikakumana pamodzi. Nthunzi siitikita.

Vuto lake ndi mtunda. Nthunzi ikangochoka pakamwa pa steamer imayamba kuzizira, ndipo mukaiimika patali ngati kutalika kwa chikhatho, chomwe chikufika pa nsalu ndi kampweya kofunda chabe. Umo ndi momwe ine ndinkachitira poyamba: kupachika chikhoti, kuyendetsa steamer mmwamba ndi pansi ngati ndikuchotsa makwinya, mphindi zitatu ndamaliza. Makwinya ankachokadi. Koma njenjete siikira pamsana pa chikhoti poyera. Imaikira pansi pa kolala, m'kati mwa matumba, mu mpendero, kukhwapa, ndi pakati pa ubweya ndi nsalu yam'kati ija. Pa chikhoti chokhuthala, pamwamba pangatenthe mpaka kukuotchani chala pomwe m'kati simunafike ngakhale madigiri 40.

Kuti steamer igwire ntchito imeneyi pamafunika kudekha. Tembenuzani chovala, kunja kukhale m'kati. Tulutsani matumba onse, mukunthe zinyalala zomwe zimaunjikana m'makona ake. Gunditsani kamwa ya steamer pa nsalu, muziyenda pang'onopang'ono, ndipo pa msoko uliwonse muziima kwa masekondi angapo mpaka kuseri kwa nsaluyo kutenthe. Mukamaliza, tembenuzaninso n'kubwereza mbali inayo. Chikhoti chimodzi chimanditengera pafupifupi kotala la ola, ndipo kathanki ka steamer yam'manja n'kakang'ono, ndimathiramo madzi kawiri. Tsopano ganizirani za wadirobu ya banja lonse. Ndi ntchito ya Loweruka lathunthu, ndipo mukatopa mumayamba kuthamanga, pomwe kuthamangako n'komwe kumasiya mazira amoyo.

Palinso nkhani ya chinyezi. Timbozi ta njenjete timakula bwino pamalo achinyontho. Mukabwezera chikhoti mu wadirobu chikadali chonyowerako, mwawakonzera malo abwino otsala aja, ndipo mwaitananso nkhungu. Chisiyeni pamphepo mpaka chiume gwa. Zina siziyenera kuona nthunzi n'komwe: majekete achikopa, suede, majekete opakidwa phula, ndi zovala zomwe mikanda yake anachita kumata ndi guluu. Velvet muithire kuchokera kuseri osaigunda. Ndipo chonde musathire nthunzi pa chovala chomwe mwavala, ngakhale mutachedwa bwanji ku tchalitchi. Nthunzi imaotcha khungu koopsa kuposa momwe imaonekera.

Pomwe steamer yandipindulira kwambiri si pa zovala ayi, koma pa malo omwe sangalowe m'firiji kapena m'makina ochapira. M'mphepete mwa kapeti yaubweya pomwe yagundana ndi khoma, pansi pa sofa, m'misoko ya sutikesi, m'makona a wadirobu. Ndimayamba ndi huva, makina aja okoka fumbi, n'kukataya zinyalalazo kunja nthawi yomweyo, kenako nthunzi. Pa mawadirobu a matabwa opanikiza aja musakhalitse malo amodzi, chifukwa amafufuma ndipo pepala lapamwamba limamatuka. Chomaliza choti mukumbukire n'chakuti nthunzi siisiya chitetezo chilichonse. Chovala chikangozizira, njenjete ina ingathe kuikirapo usiku womwewo.

Firiji

Pa majuzi, masikafu, zipewa ndi masokosi aubweya, palibe njira yomwe ndimaikhulupirira ngati iyi. Ndi imenenso nyumba zosungiramo zinthu zakale zimagwiritsa ntchito pa nsalu zomwe sangayerekeze kuzichapa. Kuzizira kumalowa paliponse, m'msoko, m'thumba, pakati pa ulusi, popanda inu kudziwa pomwe dzira labisala. Apa ndi pomwe firiji imaposera steamer: siidalira maso anu kapena kuleza mtima kwa dzanja lanu.

Ikani chovala chouma m'jumbo yotsekeka bwino, finyani mpweya utuluke, n'kuiika mu freezer yofika madigiri 18 pansi pa ziro. Ena amati masiku atatu akwana. Ine ndimasiya masabata awiri, monga amalangizira osunga zinthu zakale pa freezer ya kunyumba, chifukwa mazira ndi ouma mutu ndipo pakati pa juzi yopindidwa pamachedwa kuzizira. Mukatulutsa musatsegule jumbo msanga. Isiyeni tsiku lathunthu, kuti mame omwe amabwera chinthu chozizira chikakumana ndi mpweya wofunda agwere kunja kwa jumbo osati pa ubweya. Kenako kunthani ndi kupukuta ndi burashi.

Zovuta zake n'zodziwikiratu. Kachipinda kakang'ono kopangira ayisi m'firiji zina kamangofika madigiri 6 pansi pa ziro, ndipo kuzizira kotero kumangogoneka timbozi, tikatuluka timadzuka. Malo nawonso ndi ochepa. Ambiri a ife kuno timakhala m'nyumba zogawana, freezer ili ndi madirowa atatu, ndipo imodzi yadzaza ndi chambo ndi nyama zomwe munthu wasungira mwezi wonse. Chikhoti chachitali sichilowa. Kumudzi vuto ndi lina: magetsi akazima maola ambiri, freezer imafunda, ndipo masabata awiri aja sakhalanso masabata awiri ozizira mosadukiza. Ngati kwanuko magetsi amazimazima, musadalire njira iyi.

Dzuwa, jumbo yakuda ndi simbi

Agogo anga ankatulutsa mabulangete onse ndi jekete la agogo aamuna kamodzi pakanthawi, kuwayanika pa chingwe tsiku lonse, madzulo n'kuwakuntha ndi kamtengo. Sankadziwa za keratin, koma ankachita zolondola. Timbozi timadana ndi kuwala, ndipo tikavundukulidwa timagwa. Kukuntha ndi kupukuta ndi burashi kumaswa mazira n'kuwachotsa pa ulusi. Njenjete imakonda chovala chomwe chaiwalika, ndipo chomwe chimatulutsidwa kawirikawiri siikhazikikapo.

Kuyanika kokha sikupha zonse, makamaka pa chovala chokhuthala. Koma kwathu tili ndi mwayi womwe kuno kulibe. Ikani chovala chouma m'jumbo yakuda, mangani, n'kuiika padzuwa la Okutobala kuyambira chakum'mawa mpaka dzuwa litapendeka, pamwamba pa thabwa kapena malata kuti dothi lisazizire pansi pake, ndipo masana muitembenuze. M'kati mwa jumbo yotere, kapena m'galimoto yotsekedwa mawindo yomwe yaima padzuwa, kutentha kumadutsa madigiri 50 mosavuta. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje, komwe mpweya weniweniwo umafika madigiri 40 nyengo imeneyo, n'zosachita kufunsa. Nthawi yakenso ikugwirizana: majuzi timavala mu Juni ndi Julayi, ndipo pofika Seputembala ndi Okutobala ndi pomwe timawalongedza. Musaike zambiri m'jumbo imodzi, chifukwa zapakati sizitentha. Njirayi ndi yaulere, imalowa paliponse ngati firiji, ndipo siifuna magetsi. Ku Britain ingatheke masiku ochepa okha a chilimwe chawo, kotero kuno sindiiwerengera.

Simbi nayo ndi chida, kaya yamagetsi kaya yamakala. Tinazolowera kale kusita zovala zoyanikidwa panja poopa mphutsi zija zimalowa pakhungu, ndipo nzeru yake ndi yomweyo. Pa suti kapena thalauza laubweya, yalani kansalu konyowa pamwamba n'kusita pamenepo. Kansaluko kamateteza ubweya kuti usanyezimire kapena kupserera, ndipo kamatulutsa nthunzi yomwe simbi imaikankhira m'kati mwa msoko. Kunena zoona, pa misoko yathyathyathya simbi ndi kansalu konyowa zimalowetsa kutentha bwino kuposa steamer yam'manja. Ngati muli ndi simbi kale, ndipo chomwe mukufuna kuteteza ndi suti imodzi ya ukwati ndi maliro, musataye ndalama kugula steamer.

Kuchapa ndi dry clean

Chilichonse chomwe chingapirire madzi a madigiri 60, chichapeni pa 60 ndipo nkhani yatha. Zofunda, matawulo, malaya a thonje omwe anali pafupi ndi chovala chodyedwa. Ubweya sungapirire zimenezo. Komabe kuuchapa ndi madzi ofunda n'kofunika pa chifukwa china: kumachotsa thukuta ndi madontho a chakudya, zomwe timbozi timazifuna kuti tikule bwino. N'chifukwa chake mabowo amapezeka kukhwapa, pakolala ndi pachifuwa. Juzi yovalidwa kamodzi n'kusungidwa miyezi isanu ndi umodzi ndiyo imayamba kudyedwa.

Dry clean imapha mazira ndi timbozi tonse, ndipo imatsukanso. Pa chikhoti chokhuthala chomwe mwapezamo kale timbozi, iyi ndiyo njira yotsimikizika. Imangopweteka m'thumba. Ine ndimapititsa chikhoti chimodzi chokha pachaka, kumapeto kwa nyengo yozizira. Popita nacho chikulungeni m'jumbo ndipo muwauze kuti muli njenjete.

Timibulu tonunkha tija

Tonse tinakula tikumva fungo lake m'masutikesi a makolo athu, ndipo mpaka lero timagulitsidwa m'misika yambiri. Pa izi ndilankhula mosabisa: musatigwiritse ntchito, makamaka m'nyumba muli ana. Timibulu tambiri ta mtunduwu ndi naphthalene, ndipo mayiko a European Union analetsa kutigulitsa mu 2008. Timaphadi njenjete, koma pokhapokha mpweya wake utaunjikana m'bokosi lotsekeka kwa nthawi yaitali. Mu wadirobu yomwe mumatsegula tsiku lililonse, mpweyawo umathera m'chipinda momwe mukugona.

Kwa ife pali chifukwa chinanso chachikulu. Pali vuto lina lobadwa nalo la m'magazi lotchedwa G6PD deficiency, lomwe ndi lofala pakati pa anthu ochokera kumadera a malungo, kuphatikizapo kwathu, makamaka amuna. Ambiri sadziwa kuti ali nalo. Munthu wotere akakhudzana ndi naphthalene, maselo ofiira a m'magazi ake angathe kusweka. Khanda lovekedwa zovala kapena kufunditsidwa bulangete lomwe linasungidwa ndi timibulu timeneti lingadwale chikasu choopsa. Ndiye pali ana oyenda kale, omwe amatiyesa maswiti. Palibe juzi yomwe mtengo wake ungafike pamenepo.

M'mashopu a kuno mumapezeka timapepala topachika mu wadirobu tokhala ndi mankhwala otchedwa transfluthrin. Timathandiza kwa miyezi ingapo ngati wadirobu imatsekeka, koma werengani malangizo ake, makamaka ngati muli ndi mphaka kapena nsomba zoweta m'nyumba. Timatabwa ta cedar ndi timatumba ta lavender timanunkhira bwino ndipo tingaingitseko gulugufe wofuna poikira, koma mazira omwe alipo kale sitiwapha, ndipo fungo lake limatha.

Misampha ndi timavu

Misampha yomata ija imakhala ndi fungo lofanana ndi la njenjete yaikazi, kotero imagwira zazimuna zokha. Zazikazi zomwe zakweredwa kale zimapitiriza kuikira. Ntchito yake yeniyeni ndi kukuuzani ngati muli ndi njenjete ndiponso chipinda chomwe zachuluka. Msampha ndi womwe unandionetsa kuti gwero la vuto langa silinali wadirobu, koma kapeti ya pansi pa bedi, pomwe huva sinkafika. Ndikanapanda kudziwa zimenezo, ndikanathira nthunzi pa zovala chaka chonse njenjete zikungobwerera.

Palinso timavu tating'onoting'ono totchedwa Trichogramma, tosafika milimita imodzi, tomwe timaikira mazira ake m'kati mwa mazira a njenjete. Bungwe la National Trust, losamalira nyumba ndi malo akale ku Britain, linayesa njirayi mu 2021 ku Blickling Hall, nyumba yakale ya ku Norfolk, pofuna kuteteza nsalu zamakedzana. Sitiluma munthu, ndipo anthu wamba angathe kutigula pa intaneti, koma pamafunika kubwereza kangapo ndipo sitingaphatikizidwe ndi mankhwala ophera tizilombo. Kwa munthu wokhala m'chipinda chimodzi cha lendi, ndimaona kuti n'kupitirira muyeso.

Ndiye mugule chiyani, musiye chiyani

Ngati muli ku Britain kapena dziko lina lozizira, dziwani kuti nyumba zotenthetsedwa zimalola njenjete kuswana chaka chonse, ndiye musayembekezere kuti chisanu chikuthandizani. Majuzi apite mu freezer. Chikhoti chomwe chadyedwa kale chipite ku dry clean. Steamer igwire masuti ndi majekete omwe mukungowakayikira, kapeti, sofa ndi makona. Mukaigula ndi cholinga chimenecho siidzakukhumudwitsani, ndipo idzakuthandizaninso kuwongola yunifolomu m'mawa. Mukaigula poganiza kuti yokha ithetsa njenjete m'nyumba, mudzapeza mabowo atsopano monga ndinawapezera ine.

Ngati muli kumudzi, jumbo yakuda padzuwa ndi simbi zikukwanirani. Chomwe ndingawonjezere ndi cha kaunjika. Juzi kapena jekete laubweya logula pamsika lisalowe m'sutikesi tsiku lomwelo. Lichapeni, liume, lilowe m'jumbo yakuda tsiku limodzi, kenako likakumane ndi zinzake. Kuno ndimachita chimodzimodzi ndi chilichonse chochokera ku charity shop: chimayamba chagona mu freezer masabata awiri.

Njira zonsezi zimapha zomwe zilipo lero, ndipo palibe yomwe imaletsa za mawa. Chovala chikatsukidwa ndi kuuma, chiikeni m'bokosi la pulasitiki lotsekeka bwino kapena m'majumbo opopa mpweya aja. Katoni ndi sutikesi ya zipi yothyoka sizitchinga kanthu, kambozi kongoswa kumene kamalowa pakampata komwe diso silikuona. Majuzi anga ndimawalongedza mu Epulo, ndipo mu Julayi ndimatsegula bokosi kamodzi, kuyang'ana pansi pa makolala ngati pali tiulusi tonga ta kangaude kapena timibulu tonga mchenga, n'kutsekanso. Chikhoti chija ndinachisoka ndi ulusi wofanana nacho, ndipo ndikuchivalabe.